Khosi Lakuda Si Litsiro: Acinyamata Onenepa Ayenera Kupimidwa

M'makomboni a Chongwe ndi m'madera atsopano amene akumangidwa m'mbali mwa msewu wa Great East, mwana wonenepa akali kuonedwa ngati cizindikiro cakuti panyumba pali mtendere. Anansi amayamikira amai ake kuti amadziwa kudyetsa, ndipo ambuya akabwera kucokera kumudzi amanyadira kuti mdzukulu wawo akusungidwa bwino. Maganizo amenewa sanabwere popanda cifukwa. Ambiri amene lero ndi makolo anakula m'zaka za m'ma 1990, pamene kuonda kunali kuopedwa cifukwa ca Edzi, ndipo munthu akatsika thupi anthu anali kunong'onezana. Anaonanso ana otupikana m'zaka za cilala. N'cifukwa cake mtima wa kholo umakhala pansi likaona mwana ali ndi thupi.

Komatu kunenepa kopitirira muyeso kwa mnyamata kapena mtsikana wa zaka 10 mpaka 19 si thanzi. Kawirikawiri ndi ciyambi ca vuto limene acipatala amalicha kusamvera insulini, ndipo vutoli ndilo njira yopita ku matenda a shuga, BP, matenda a ciwindi ndi a mtima. Comvetsa cisoni n'cakuti m'zaka zimenezi, pamene vutoli lingabwezedwe popanda mankhwala odula, ndi pamene mwana sapimidwa ndi aliyense. Kadi ya cipimo imatha mwana akakwanitsa zaka 5. Kucokera pamenepo mnyamata sakweranso sikelo kufikira atadwala, ndipo mtsikana kufikira atatenga pakati. Mpata umenewu uyenera kutsekedwa, ndipo oyenera kuutseka ndi makolo, sukulu ndi makiliniki a m'boma la Chongwe.

Nchito ya insulini m'thupi

Munthu akadya nsima, buledi, mpunga kapena mbatata, kapena akamwa tiyi wa shuga, m'mimba mumagaya cakudyaco ndi kucisandutsa shuga amene amalowa m'magazi. Shuga ameneyu si mdani, pakuti ndiye nkhuni za thupi. Koma kuti acoke m'magazi ndi kulowa m'minofu, pamafunika timadzi tochedwa insulini, timene timapangidwa ndi kapamba, ciwalo cimene cili kuseri kwa cifu.

Insulini ili ngati mwana wotumidwa amene amafika pakhomo ndi kuodira. M'thupi lathanzi odi mmodzi amakwanira, citseko cimatseguka ndipo shuga amalowa. Koma mafuta akaculuka, makamaka a pamimba ndi a m'ciwindi, eni nyumba amayamba kugontha m'khutu. Odi mmodzi samvekanso. Kapamba amakakamizika kutumiza insulini yoculuka kuposa kale kuti citseko comweco citseguke. Kumeneko ndiko kusamvera insulini.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amanyengedwa. Kapamba wa wacinyamata ndi wamphamvu ndipo amapirira kwa zaka zingapo. Magazi akapimidwa shuga amaoneka ali bwino, koma ali bwino cifukwa kapamba akugwira nchito ya anthu awiri. Akadzatopa, shuga amakwera ndi kukhala pamwamba, ndipo amenewo ndiwo matenda a shuga a mtundu waciwiri. Ngakhale tsikulo lisanafike, insulini yoculukayo imakhala ikuononga mwakacetecete. Imacititsa impso kusunga mcere ndi madzi, motero BP imakwera. Ciwindi cimadzaza mafuta, ndipo mafuta a m'magazi amasokonezeka. Akuluakulu anati cakudza siciyimba ng'oma.

Zimenezi si nkhani yatsopano kwa madokotala. Insulini inapezedwa mu 1921 ku Toronto m'dziko la Canada ndi Frederick Banting ndi Charles Best. Mu 1936 dokotala wa ku London, Harold Himsworth, anasonyeza kuti odwala shuga ali m'magulu awiri: amene alibe insulini yokwanira, ndi amene ali nayo koma thupi lawo siliimvera. Mu 1988 Gerald Reaven wa ku America anafotokoza kuti kusamvera kumeneku kumayendera limodzi ndi BP ndi kusokonezeka kwa mafuta a m'magazi. Catsopano n'cakuti matenda amene kale anali kuchedwa a anthu acikulire tsopano akupezeka mwa ana a sukulu.

Cifukwa cake msinkhu uwu ndi woopsa

Mwana aliyense akamatha msinkhu, thupi lake limayamba kusamvera insulini kwa kanthawi. Cimeneci ndi cibadwa, ndipo cimabwera cifukwa ca timadzi tokulitsa thupi. Kwa mwana wa thupi loyenera, zinthu zimabwerera mwakale akamaliza kukula. Koma mwana amene walowa msinkhuwu ali ndi mafuta oculuka amasenzetsa kapamba katundu pamwamba pa katundu wina, ndipo nthawi zambiri kusamverako sikubwereranso.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti mu 1990 ana 8 mwa ana 100 alionse a zaka 5 mpaka 19 anali olemera kopitirira muyeso. Pofika mu 2022 anali 20 mwa 100 alionse, kutanthauza ana oposa 390 miliyoni, ndipo mwa iwo 160 miliyoni anali onenepa kwambiri. Muno m'Zambia, kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 pakati pa anthu a zaka 18 mpaka 69 anapeza kuti 24 mwa 100 alionse anali olemera kopitirira muyeso, 19 anali ndi BP yokwera, ndipo 6 anali ndi shuga wokwera. Anapezanso kuti anthu 9 mwa 10 alionse sanali kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso zokwanira. Akuluakulu amenewa ndiwo amagula ndi kuphika cakudya cimene ana amadya.

Boma la Chongwe lasintha mofulumira. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 300,000. Malo amene anali mafamu ndi thengo ku Silverest, Meanwood ndi kwina tsopano ndi mapuloti ndi nyumba za mipanda. Makolo ambiri amalawirira m'mamawa kupita ku nchito kapena kumalonda ku Lusaka ndi kubwerako usiku. Mwana amapatsidwa ndalama m'malo mwa cakudya cophika, amakwera minibasi kupita kusukulu, ndipo akaweruka amakhala m'nyumba ndi foni kapena TV. Nchito zimene zinali kutulutsa thukuta, monga kutunga madzi kutali, kusinja, kuweta ng'ombe ndi kupalira, zacepa kwa mwana wa m'tauni. Cakudya cakhala cotsekemera ndi camafuta, koma thupi logwiritsa nchito cakudyaco lakhala pansi.

Palinso cinthu cina cimene makolo ambiri sadziwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa ZDHS wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira. Mu 1992 madokotala awiri a ku Britain, Nicholas Hales ndi David Barker, anafotokoza kuti mwana amene wasowa cakudya ali m'mimba kapena ali wakhanda amakula ndi thupi lozolowera kusunga. Mwana wotere akadzapeza cakudya coculuka ca shuga ndi mafuta, ngozi yake ya matenda a shuga imaposa ya mnzake amene anabadwa ndi sikelo yabwino. Cotero mwana amene anabadwa wocepa kumudzi, kenaka n'kutengedwa ndi amalume kapena azakhali a m'tauni ndi kunenepa mofulumira, si kuti wapulumuka. Ameneyo ndiye woyenera kuyang'aniridwa kwambiri. Njala ya dzulo ndi kunenepa kwa lero zimatha kukhala m'thupi limodzi.

Zizindikiro zimene banja lingaone

Cizindikiro coyamba cili pakhosi. Khungu la kumbuyo kwa khosi, m'khwapa kapena m'mphecepece mwa ncafu limada, limakhuthala ndipo limakhala lofewa ngati nsalu yaubweya. Amai ambiri amaganiza kuti ndi litsiro. Mwana amakalipiridwa kuti sasamba, amakhulidwa ndi mwala kapena thonje la waya mpaka khungu kupweteka, ndipo ena amagulira mafuta oyeretsa khungu. Kudako sikucoka, cifukwa sikucokera kunja. Insulini yoculuka m'magazi ndiyo imacititsa khungu la m'malo opindika kukula mopitirira. Sikelo ikatsika ndipo insulini ikacepa, khungulo limayamba kuyera lokha. Kuda kumeneku kumasiyana ndi matenda a pelagra, obwera cifukwa codya cimanga cokhacokha popanda ndiwo zokwanira. Pelagra amagwira malo oombedwa ndi dzuwa, khungu limakhala lokhakhala ndi losweka, ndipo kawirikawiri amabwera ndi kutsegula m'mimba. Wacipatala angasiyanitse ziwirizi pongoyang'ana ndi kufunsa.

Cizindikiro caciwiri ndi mimba. Mafuta oopsa kwambiri ndi a pamimba, osati a m'matako kapena m'miyendo. Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Kholo lidule cingwe cofanana ndi msinkhu wa mwana kucokera kumutu kufika kucidendene, licipinde pawiri, kenaka licizungulize m'ciuno pamwamba pang'ono pa mcombo. Ngati nsonga zake sizikumana, ndiye kuti ciuno caposa theka la msinkhu, ndipo mwanayo ayenera kukaonedwa kucipatala. Mwacitsanzo, mtsikana wotalika masentimita 160 ciuno cake ciyenera kucepera masentimita 80.

Kwa atsikana, kusamba modumphitsa miyezi, ziphuphu zosamva mankhwala, ndi tsitsi lomera pacibwano kapena pacifuwa zingasonyeze vuto la m'mazira limene limayendera limodzi ndi kusamvera insulini. Ili si tsoka kapena ufiti, ndipo mtsikana asaimbidwe mlandu wa mimba asanapimidwe. Zizindikiro zina mwa anyamata ndi atsikana omwe ndizo kuliza mkonono kwambiri usiku, kusinza m'kalasi, ndi njala yobwera msanga pambuyo pa kudya.

Bungwe la American Diabetes Association limalangiza kuti mwana wolemera kopitirira muyeso apimidwe shuga kuyambira pa zaka 10, kapena akangoyamba kutha msinkhu, ngati ali ndi cimodzi mwa izi: wacibale wodwala shuga, amai amene anali ndi shuga ali ndi pakati pake, khosi lakuda, BP yokwera, kapena ngati anabadwa wocepa thupi. Mwana apite kukiliniki m'mawa asanadye kanthu, atatha maola 8 osadya. Shuga akapezeka pakati pa 5.6 ndi 6.9, limenelo ndi cenjezo. Akafika pa 7.0 kapena kuposa, ndipo akapezekanso cimodzimodzi tsiku lina, amenewo ndi matenda a shuga. Pali kupima kwina kochedwa HbA1c kumene kumasonyeza mmene shuga wakhalira kwa miyezi itatu, koma kumatha kunamiza mwa ana a sickle cell ndi ocepa magazi, motero kholo liuze wacipatala za matendawa. BP nayonso ipimidwe. Kholo likumbukire kuti shuga akapezeka ali bwino koma khosi lili lakuda ndipo cingwe sicikumana, nkhani sinathe. Kapamba akali kupirira cabe.

Pali cenjezo limodzi losayenera kusokonezedwa ndi zonsezi. Mwana amene wayamba mwadzidzidzi kumwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi, kukodzera pogona ndi kuonda, kaya ndi wonenepa kapena woonda, angakhale ndi shuga wa mtundu woyamba, umene kapamba amaleka kupanga insulini. Ameneyo athamangire naye kucipatala tsiku lomwelo. Akayamba kusanza, kupweteka m'mimba ndi kupuma mobanika, moyo wake uli pangozi. Makiliniki amatumiza odwala otere ku Chongwe District Hospital, ndipo ofunika akatswiri amapitirizidwa ku Levy Mwanawasa University Teaching Hospital kapena ku cipatala ca ana ca UTH ku Lusaka.

Acinyamata amene amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir nthawi zina amanenepa. Mankhwalawa amapulumutsa moyo ndipo asalekedwe. Coyenera ndico kupempha kuti sikelo, ciuno ndi shuga zizipimidwa pa tsiku lotenga mankhwala. Koma mapilisi onenepetsa ogulitsidwa m'misika, amene atsikana ena amamwa pofuna thupi, ndi nkhani ina. Ena mwa iwo ndi masiteroidi, amene amakweza shuga ndi BP. Amenewo atayidwe.

Kuyembekeza kumadula

Ena amati mwana adzaonda yekha akakula. Zoona zake n'zakuti ambiri mwa acinyamata onenepa kwambiri amakhalabe onenepa akakula. Ndiponso shuga wa mtundu waciwiri akayamba paubwana amathamanga kuposa woyamba paukalamba. Ku America kunacitika kafukufuku wochedwa TODAY pa acinyamata 699 a zaka 10 mpaka 17 odwala matendawa. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2012 zinasonyeza kuti pafupifupi theka la amene anali kumwa mapilisi a metformin okha, mapilisiwo analephera kugwira shuga wawo m'zaka zocepa. Mu 2021 kunatuluka zotsatira zina za acinyamata omwewo ali ndi zaka pafupifupi 26. Anthu 60 mwa 100 alionse anali kale ndi vuto la impso, maso kapena mitsempha, ndipo awiri mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera. Amenewo anali ana osamalidwa ndi akatswiri. Nanga mwana wa ku Chongwe, amene makina otsuka magazi a odwala impso sangawapeze pakiliniki yapafupi?

Kwa atsikana ngozi imafika ku m'badwo wotsatira. ZDHS ya mu 2018 inapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali ndi pakati. Mtsikana wolowa m'mimba thupi lake lili kale losamvera insulini amagwidwa msanga ndi shuga wa apakati ndi BP, mwana amakula kwambiri m'mimba, kubereka kumavuta, ndipo mwanayo naye amadzakhala pangozi ya kunenepa ndi shuga.

Nkhani yabwino ndi yakuti njirayi imabwezeka. Kafukufuku wa mu 2002 wa Diabetes Prevention Program ku America, wocitika pa akuluakulu amene shuga wawo anali atayamba kukwera, anapeza kuti kusintha kadyedwe, kutsitsa sikelo pang'ono ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata kunacepetsa odwala atsopano ndi 58 peresenti, pamene metformin anacepetsa ndi 31 peresenti. Miyendo ndi mphika zinaposa mapilisi. Wacinyamata ali ndi mwayi wina umene wamkulu alibe: akali kutalika. Nthawi zambiri sikelo yake ikangoima pamalo amodzi pamene msinkhu ukukwera, cingwe cija cimayamba kukumana.

Botolo, mphika ndi bwalo

Poyambira ndi zakumwa. Botolo la 500 ml la zakumwa zotsekemera za gasi limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 50, ndiwo masupuni a tiyi 12 kapena 13. Mwana womwa botolo limodzi tsiku lililonse la sukulu, pa temu ya masabata 13 amakhala atamwa shuga woposa makilogalamu 3. Palibe kholo lingapatse mwana paketi ndi theka ya shuga ya makilogalamu 2 kuti abwire, koma m'botolo zimacitika popanda wodabwa. Mu 2015 WHO inalangiza kuti shuga wothira asapose gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya cakudya ca tsiku, ndipo kuti n'kwabwino koposa kumucepetsa kufika pa masupuni a tiyi pafupifupi 6. Maheu a m'mabotolo, juwisi wosungunula, timadzi tozizira ta m'mapulasitiki ndi tiyi wa masupuni anai zonse zili m'gulu lomweli. Cakumwa ca mwana ndi madzi. Amene akuopa madzi pokumbukira kolera ya mu 2023 ndi 2024 awawiritse kapena athiremo kolorini, ndi kumupatsa mwana m'botolo lake.

Kuyambira mu 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia amathiridwa vitamini A. Lamuloli linali ndi colinga cabwino, koma silinasandutse shuga kukhala mankhwala. Vitamini yemweyo ali m'mango, mapapaya, maungu, mbatata yofiira mkati, cimanga ca olenji ndi ndiwo zamasamba.

Nsima si mdani. Vuto lili pa mtundu wa unga ndi kuculuka kwa mitanda. Unga woyera wa bulekifasi wacotsedwa gaga ndi mtima wa cimanga, motero umasanduka shuga msanga ndipo njala imabwera msanga. Unga wa rola kapena mgaiwa wa kucigayo uli ndi gaga amene amacedwetsa shuga kulowa m'magazi, ndiponso mtengo wake ndi wotsikirapo. Pambale ya wacinyamata, theka likhale ndiwo zamasamba monga repu, cibwabwa, bondwe, kalembula, delele kapena impwa. Gawo limodzi mwa anai likhale nyemba, kapenta, mazira, soya, nsomba kapena nyama, ndipo gawo lotsala likhale nsima. Mafuta a saladi ayesedwe ndi supuni, osati kuthira molunjika kucokera m'botolo. Vitumbuwa, chipisi, masoseji ndi mabisiketi zikhale za apo ndi apo. M'malo mwake m'cola ca sukulu mulowe nshawa zokazinga, mbatata yophika, cimanga cophika, dzira, magwafa kapena masuku pa nyengo yake. Alimi a m'boma la Chongwe amatumiza ndiwo zamasamba ku msika wa Soweto ku Lusaka. N'zomvetsa manyazi kuti ndiwozo zizidutsa pakhomo kupita kukadyetsa ena, ana a eni dera akudya za m'mapaketi.

Minofu yogwira nchito imakoka shuga m'magazi ngakhale insulini ili yocepa, ndipo imakhala yomvera bwino kwa tsiku lathunthu pambuyo pake. WHO imalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azicita zotulutsa thukuta mphindi 60 tsiku lililonse. Sipafunika ndalama ya jimu. Kuyenda pansi kupita kusukulu, kupalasa njinga, mpira, netibo, waida, gemu, kuvina ndi kuthirira dimba zonse zimawerengedwa. Atsikana ndiwo amamanidwa kwambiri mwayi umenewu, cifukwa akangotha msinkhu amauzidwa kuti kuthamanga ndi cibwana ndipo ayenera kukhala pakhomo. Mwambo umene umaphunzitsa mtsikana ulemu usamulande thanzi. Tulo natonso ndi mankhwala. Wacinyamata amafunika maola 8 mpaka 10, ndipo wogona mocedwa cifukwa ca foni amadzuka ndi njala ya zotsekemera.

Cacikulu pa zonse ndi ici: kusinthaku kukhale kwa banja lonse. Mwana saphika, sagula unga, ndipo sapanga bajeti. Kumuikira kambale kake ka masamba pamene atate ake akumwa zotsekemera pamaso pake ndi cilango, osati cithandizo. Kumuseka, kumupatsa maina acipongwe kapena kumumana cakudya kumacititsa mwana kudya mobisa, kudzida ndi kuthawa masewera. Tiyi woondetsa ndi mapilisi otsegula m'mimba ogulitsidwa pa Facebook sacotsa mafuta, amangocotsa madzi ndi ndalama.

Nanga njala?

Alipo amene anganene kuti m'dziko limene ana akali kupinimbira, ndipo limene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza cilala kukhala tsoka la dziko mu February 2024, kulankhula za kunenepa n'kuseka osauka. Mfundo yawo ndi yomveka. Lipoti la UNICEF la mu 2025 linasonyeza kuti pa dziko lonse ana a sukulu onenepa kwambiri aposa oonda, koma ku Africa ya kumwera kwa Sahara ndi ku South Asia oonda akali oculuka. Nkhondo ya njala sinathe ndipo isalekedwe.

Koma mavuto awiriwa amacokera pa muzu umodzi, umene ndi kusowa kwa cakudya cabwino. M'komboni cakudya cochipa ndi cokhutitsa msanga ndico ca unga woyera, shuga ndi mafuta. Mwana wa wosauka angakhale wonenepa koma wocepa magazi. Mbale ya nyemba, masamba ndi mgaiwa imathandiza wopinimbira ndi wonenepa yemwe. Ndiponso matenda a shuga akalowa m'nyumba ya wosauka amadya ndalama ya minibasi, ya mankhwala ndi ya masiku a malonda kwa moyo wonse. Dera limene vutoli likali kuyamba lili ndi mwayi umene maiko ena anataya.

Zimene akuluakulu a m'boma angacite

Coyamba, ofesi ya zaumoyo ndi ofesi ya maphunziro m'boma la Chongwe zigwirizane kuti ana a sukulu a zaka 10 kupita m'tsogolo azipimidwa msinkhu, sikelo ndi ciuno kamodzi pa caka kudzera mu pologalamu ya zaumoyo ndi zakudya m'sukulu imene ilipo kale. Kupimako kuzicitika mwacinsinsi, osati pamaso pa kalasi, ndipo zotsatira zizipita kwa makolo. Kucokera mu 2022, pamene maphunziro aulere anayamba, ana ambiri ali m'sukulu, motero kulibe malo ena kumene angapezeke onse pamodzi.

Caciwiri, zipinda za acinyamata za m'makiliniki, zimene zimathandiza pa nkhani za HIV ndi mimba, ziwonjezere tepi yoyesera, makina a BP ndi timapepala topimira shuga. Kuyang'ana kumbuyo kwa khosi sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Cacitatu, aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo akhale pansi ndi amai ogulitsa pageti ndi eni tuntemba. Kuwathamangitsa sikuthandiza, pakuti nawonso akufuna unga wa ana awo. Angagulitse nshawa, zipatso, mazira ndi mbatata ndi kupezabe phindu ngati makolo agwirizana. Sukulu iliyonse ikhale ndi madzi akumwa abwino, ndipo nthawi ya masewera isalandidwe ndi maphunziro ena.

Cacinai, khonsolo ya Chongwe, pamodzi ndi a Senior Chieftainess Nkomeshya Mukamambo II ndi nduna zawo, asunge malo a mabwalo pamene mapuloti akugawidwa. Bwalo likamangidwapo nyumba silibwereranso. Ku boma lalikulu, msonkho wa zakumwa umene unayamba mu 2019 pa 30 ngwee pa lita unali ciyambi cabwino, ndipo gawo la ndalama zotere liyenera kuoneka m'madzi a m'sukulu ndi m'zipangizo za m'makiliniki.

Pa 14 November caka ciliconse dziko lonse limakumbukira matenda a shuga, koma banja lisayembekeze tsikulo. Cingwe cilipo m'nyumba iliyonse, ndipo khosi la mwana limaoneka m'mawa uliwonse akamavala yunifomu. Kholo limene laona zizindikirozi lipite ndi mwana kukiliniki yapafupi sabata yomweyo, asanadye, litanyamula kadi yake yakale ya cipimo ngati ilipo. M'mera mpoyamba.